Kumvana ndi anthu a mitundu ndi zipembedzo zosiyanasiyana ku Mangochi

Munthu akauzidwa kuti akagwire ntchito ku Mangochi, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, wa zausodzi kapena wa bungwe, nkhawa yake yoyamba imakhala yoti Chiyao sachidziwa. Nkhawayo ndi yomveka, koma ntchito zambiri sizifera pamenepo. Pa boma, ku Monkey Bay ngakhale pa Namwera anthu ambiri Chichewa amachimva. Misonkhano imalephereka chifukwa mwadumpha munthu wofunika kumuona, mwasankha tsiku lolakwika, mwaphika ndiwo zimene theka la anthu silingadye, kapena mwamva "chabwino" n'kuyesa kuti anthu avomera. Zonsezi zimakonzedwa tsiku la msonkhano lisanafike.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'bomali, ndipo pafupifupi 7 mwa anthu 10 aliwonse ndi Asilamu, pamene m'dziko lonse Asilamu ndi pafupifupi 14 mwa anthu 100. Ambiri ndi Ayao. Komabe Mangochi si wofanana paliponse. Kwa Makanjira, kwa Katuli ndi kwa Jalasi Chiyao ndicho cha pakhomo, ndipo mudzapeza agogo ndi ana aang'ono amene Chichewa chimawadutsa. Kumbali ya kwa Nankumba kuli midzi ya Chichewa, ina ya gule wamkulu. M'madoko muli asodzi a Chitonga ndi a Chitumbuka amene anatsatira usipa ndi utaka n'kukhazikika. Ku Malindi ndi ku Nkope kuli mishoni zakale za Anglican, choncho Myao wa Chikhristu si wachilendo. Pa Chiponde mukumana ndi a ku Mandimba, ku Mozambique. Musaweruze chipembedzo cha munthu poona dzina lake kapena mtundu wake. Safunsa anadya phula.

Khomo lolowera

Kalata yochokera ku ofesi ya DC imakutsegulirani njira kwa mfumu yaikulu, kenako kwa gulupu ndi nyakwawa, komanso kumakomiti a chitukuko, ya dera (ADC) ndi ya mudzi (VDC). Kunyanja onjezani wapampando wa komiti ya padoko, ya BVC. Koma kalata payokha siikwanira. Pitani nokha kutatsala sabata imodzi, mukhale pansi, mufotokoze chimene mwabwerera, kenako mufunse mafunso awa: ndi masiku ati amene anthu kuno sasonkhana? Ndani amene akapanda kuitanidwa nkhaniyi siyenda? Anthu adzamasuka m'chilankhulo chanji? Amayi ndi abambo amakhala motani pabwalo? Kodi pali mkangano wakale wokhudza nkhani imeneyi?

Mafunso omwewo muwafunsenso kwa anthu ena awiri payekhapayekha, mayi mmodzi ndi wachinyamata mmodzi. Mayankho akasiyana ndi a mfumu, pamene asiyanirapo ndi pamene msonkhano wanu ungadzaphulikire.

Atsogoleri a zipembedzo musawaiwale, ndipo apa obwera ambiri amaphonya. Amaitana shehe mmodzi n'kuganiza kuti Asilamu onse aimiriridwa. M'midzi yambiri muli Asilamu a Kadiriya ndi ena amene amatchedwa a Sukuti, ndipo amasiyana maganizo pa zinthu monga sikiri (kutamanda Mulungu moimba) pamaliro ndi sadaka. Nawonso mabungwe awo aakulu ndi awiri, Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi. Ngati m'mudzi muli mizikiti iwiri yoyandikana, dziwani kuti pali chifukwa, ndipo muitane mashehe a mizikiti yonse iwiri. Chimodzimodzi kwa Akhristu: wansembe wa Katolika sangayankhulire a Seventh Day kapena a mipingo ya Pentekosite.

Moni

Moni wa Chiyao utengeni ngakhale zina zonse zikuvuteni. "Ali uli?" ndiye kuti muli bwanji, ndipo yankho ndi "Ndili chenene." Mmawa ndi "Ajimwiche uli?" Pothokoza, "Sikomo kwejinji." Patsogolo pa dzina la munthu ikani "Che", monga mmene timaikira "a" pa Chichewa. Adzakusekani katchulidwe, koma kuseka kumeneko n'kokulandirani. Wina akakupatsani "Assalamu alaikum", yankhani "Wa alaikum salaam" ngakhale ndinu Mkhristu, palibe cholakwika. Chimene chimanyansa ndi kuutchula moniwo mwanthabwala, mokokomeza mawu kuti anzanu aseke.

Za dzanja: amayi ena a Chisilamu sagwirana chanza ndi mwamuna amene si wachibale, ndipo abambo ena sagwira dzanja la mayi. Musatsogoze dzanja. Dikirani mwini wake ayambe, akapanda kutero ikani dzanja lamanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono. Popereka kapena kulandira chinthu, gwiritsani dzanja lamanja, lamanzere likuchirikiza. Akuluakulu akakhala pamkeka, musawalonjere chiimirire.

Tsiku ndi nthawi

Lachisanu kuyambira cha m'ma 11 koloko mmawa mpaka 2 koloko masana musaikepo kanthu, anthu amakhala akukonzekera ndi kupita ku swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la pa sabata. Loweruka mutaya a Seventh Day, Lamulungu mmawa mutaya Akhristu ena onse. Tsiku la msika wa deralo mutaya amayi ndi a geni. Kawirikawiri zimene zimatsala ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi, kuyamba 8 kapena 9 koloko mmawa, kutha dzuwa lisanafike paliwombo. Msonkhano wa tsiku lonse uzikhala ndi mpumulo wa mphindi 20 cha m'ma 12:30 ndi wina cha m'ma 3:30, ndipo pakhale ndowa ya madzi oyera ndi malo aukhondo oswalirapo. Mukapanda kutero anthu amangotuluka mmodzimmodzi, inu n'kumati nkhani yawatopetsa.

Kudoko nthawi imayendera nsomba. Asodzi a khoka la chilimira amachezera panyanja usiku wonse, mmawa amakhala ali kalikiliki kugulitsa, kenako amagona. Apezeni chakumadzulo asanakwere bwato, kapena masiku a mwezi wowala, pamene ambiri sapita kukawedza ndi nyali.

Mwezi wa Ramadhani umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye kalendala ya chaka chatha musaidalire. Umatha masiku 29 kapena 30, ndipo tsiku la Idi, chikondwerero chomaliza kusala, limadziwika mwezi ukaoneka, choncho siyani masiku awiri opanda pulogalamu. Idi yachiwiri, ya kuzinga ziweto, imabwera patatha masiku pafupifupi 70. M'mwezi wosala, msonkhano ukhale waufupi ndiponso wa mmawa. Masana anthu amakhala afooka ndi kutentha kwa kuno, ndipo pofika 3 koloko amayi amakhala akuganiza zophika futari, chakudya chomasulira kusala. Ngati bajeti ili ndi chakudya, perekani choti anthu atenge kunyumba, ndipo amene sakusala adyere poduka mphepo, osati pamaso pa anzawo.

Pemphero nalo likonzeni pasadakhale: shehe atsegule, abusa atseke, ulendo wotsatira asinthane. Auzeni onse awiri kuti likhale lalifupi ndiponso lisasanduke ulaliki.

Chakudya

Apa ndi pamene ulemu wanu umaonekera, kuposa m'mawu. Msilamu sadya nkhumba, mbewa, nyama yofa yokha kapena imene sinazingidwe mwa Chisilamu. Mbuzi kapena nkhuku ya pamsonkhano igulidwe yamoyo, ndipo izingidwe ndi Msilamu wodziwika m'mudzimo. Kenako lengezani poyera kuti anazinga ndi uje. Popanda chilengezo chimenecho anthu sakufunsani, amangodya nsima ndi masamba, nyama n'kubwerera m'beseni. Mapoto, zikombe ndi mipeni zimene zinakhudzapo nkhumba zisabwere n'komwe, ngakhale mutazikwecha chotani. Bwerekani ziwiya m'mudzi momwemo.

Ngati pali a Seventh Day, pewani nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Ndiwo zimene sizikana munthu ndi chambo, utaka, usipa, nyemba ndi mazira. Thobwa likhale lotsekemera, losasasa. Ndipo musachititse msonkhano pamalo ogulitsira mowa chifukwa choti pali mipando yabwino, mashehe ndi amayi ambiri safikapo. Pasukulu kapena pabwalo la mfumu ndi pamene aliyense amalowa momasuka. M'tchalitchi kapena pakhonde la mzikiti mbali inayo imadziona ngati mlendo.

Womasulira

Kumene Chiyao chili champhamvu, pezani womasulira, ndipo musangoloza aliyense amene wakweza dzanja. Funsani kaye ngati sali mbali imodzi ya mkangano wa ufumu kapena wa malo, chifukwa uthenga wanu udzavala nkhope yake. Nkhani za uchembere, kulera ndi matenda opatsirana pogonana, amayi awamasulire mayi mnzawo. Mwana wa sukulu asamasulire makolo ake za matenda kapena ngongole.

Kutatsala tsiku limodzi, khalani naye mphindi 30. Mufotokozereni mfundo zanu, zisapitirire zitatu, ndipo mugwirizane mmene adzanenere mawu ovuta monga chiwongoladzanja, katemera, chilolezo, inshulansi. Chiwongoladzanja muchisamale kwambiri: Chisilamu chimaletsa katapira, ndiye banki ya mmudzi ikafotokozedwa mosasamala ena amatuluka nkhani isanathe. Fotokozani bwino ndalama imene munthu adzabweze, chifukwa chake, ndi kumene ikupita, ndipo lolani anthu akafunse kwa shehe wawo.

Poyankhula, nenani ziganizo ziwiri n'kuima. Yang'anani anthu, osati womasulira. Kumbukirani kuti nthawi imawirikiza: zoyankhula za mphindi 20 zidzatha mphindi 40. Miyambi ndi nthabwala za kwanu zisiyeni, zikawoloka chilankhulo zimafika zitafa, mwinanso zitasanduka chipongwe. Mukaona kuti inu mwanena mawu ochepa koma womasulira wayankhula nthawi yaitali, kapena anthu aseka pamene simunaseketse, mufunseni mwaulemu chimene wawonjezera. Ndi bwino kukhala ndi munthu wachiwiri womva zilankhulo zonse ziwiri, akhale chakumbuyo, adzakuuzeni pambuyo pake zimene zinafika kwa anthu.

Ambiri amaganiza kuti kalata yolembedwa m'Chiyao ndiyo yankho. Osati nthawi zonse. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko, anthu akhala akuphunzira kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Munthu woyankhula Chiyao chokhachokha pakhomo akhoza kuwerenga Chichewa mosavuta kuposa Chiyao, ndipo ena sawerenga n'komwe. Cholembedwa chikhale cha Chichewa chosavuta, koma cha pakamwa chikhale cha Chiyao: uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wosapitirira mphindi imodzi, chilengezo cha kumzikiti ndi kutchalitchi, kapena wailesi za m'dera monga Dzimwe.

"Chabwino" si kuvomera

Pabwalo munthu satsutsa mlendo pamaso pa mfumu. "Tamva", "chabwino" ndi "tiona" kawirikawiri zimangotanthauza kuti mawu anu afika m'khutu. Funso loti "Mwamva?" lilibe ntchito, chifukwa yankho lake ndi limodzi basi. M'malo mwake nenani kuti, "Amayi, mnzanu amene sanabwere akakufunsani madzulo ano, mukamuuza kuti chiyani?" Ayankhe m'chilankhulo chimene akufuna. Funsani anthu atatu otere, wina kumbali ya abambo, wina ya amayi, wina wachinyamata. Akasiyana, vuto ndi kafotokozedwe kanu, bwerezani mwa njira ina.

Mukafunsa funso, dikirani. Chete wa masekondi 15 amaoneka wautali kwa woima kutsogolo, koma anthu amakhala akudikira kuti wamkulu ayambe. Mukathamangira kudziyankha nokha, mwatseka pakamwa pa onse. Komanso musanene kuti "Pali wotsutsa?" Nenani kuti, "Chingatilepheretse n'chiyani?" Pamenepo munthu amatha kutchula vuto popanda kuoneka kuti akulimbana ndi mfumu.

Amayi akakhala mbali yawo osayankhula, musawakakamize kapena kuwadzudzula. Gawani anthu m'magulu a anthu 8 mpaka 10, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, kwa theka la ola, gulu lililonse lisankhe wodzanena. Mudzadabwa kuti mfundo zenizeni zikuchokera kumkeka kumene kunali zii.

Dziwaninso mwini chigamulo. Ayao, monga Achewa, amatsata mbumba ya kuchikazi, ndipo pa nkhani ya ukwati, malo kapena mwana, mawu a malume amalemera. Kwa Atumbuka ndi Angonde, kumene amalowola, nkhani zomwezo zimapita kuchimuna. Ndiye onjezani kuti abambo ambiri a kuno ali ku Joni. Mayi akati "ndiyambe ndafunsa", sikuti akuzemba, akudikira foni ya ku Johannesburg kapena ya mchimwene wake. Mpatseni masiku atatu, ndipo mupatseni uthenga woti atumize kwa amene akufunsidwayo. Mukamuumiriza kusaina pompo, adzasaina, koma mawa adzabweza.

Mayina oti muwataye: "Mchawa" ndi "Mnasala" ambiri amawamva ngati chipongwe, nenani Myao, Msilamu. Chimodzimodzi "kafiri" ponena Mkhristu, "mbwenumbwenu" ponena wa kumpoto, "Mnguru" ponena Mlomwe. Ngakhale eni ake atamatchulana okha moseka, inu musalowerere. Mawu oti "anthu a kuno" otsatiridwa ndi dandaulo, monga "sakonda sukulu", amafika m'mudzi inu musanafike.

Maliro ndi zinamwali

Maliro a Chisilamu sachedwa. Munthu akamwalira usiku kapena mmawa, nthawi zambiri amaikidwa tsiku lomwelo, atakulungidwa mu sanda n'kunyamulidwa pa jeneza. Mnzanu wa kuntchito akalandira uthenga, mumasuleni nthawi yomweyo, za mafomu zibwere pambuyo. Inunso mukamva, nyamukani, mukati mupite mawa mukapeza zatha. Nkhata za maluwa musatenge, chipepeso chokwanira ndi ndalama, ufa kapena shuga. Kumanda kumapita abambo, amayi amatsala pakhomo. Nawo Asilamu adziwe kuti Akhristu akasunga thupi masiku awiri podikira achibale akutali, si kunyoza malemu.

Nyengo ya jando ndi nsondo (zinamwali za anyamata ndi za atsikana), makamaka patchuthi chachikulu cha sukulu, midzi imakhala yotanganidwa. Musayandikire ndagala (msasa wa chinamwali), musajambule, musafunse pagulu zimene zimachitika kumeneko. Dambwe la gule wamkulu n'chimodzimodzi. Ngati muli ndi nkhawa yeniyeni, monga ana kuchedwa kubwerera kusukulu kapena ukhondo wa mdulidwe, kambiranani ndi mfumu, angaliba (odula anyamata) ndi anankungwi paokha nyengoyo isanayambe.

Alendo ochokera kunja

Ogwira ntchito m'malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi m'mbali mwa nyanja ali ndi ntchito yomasulira mbali zonse ziwiri. Mlendo muuzeni pofika pomwe, osadikira kuti alakwitse: zovala zosambira zithere kugombe, polowa m'mudzi avale zofika m'mawondo, asajambule munthu, makamaka ana ndi amayi amene akusamba kapena kuchapa, asanapemphe, ndipo pamzikiti avule nsapato n'kudikira kuitanidwa. Alendo ambiri a ku Ulaya amakonda kuuzidwa mosapsatira. Mukati "tiona" pamene mukutanthauza kuti sizitheka, iye amadikira, kenako amati mwamunamiza. Akati "ayi" mwachindunji sikuti wakwiya. Akati 9 koloko ndiye kuti 9 koloko. Mtengo wa bwato muutchule musananyamuke, ndi zonse zimene zili mkati mwake.

Zikavuta

Mikangano ya zipembedzo kuno imayambira pa zinthu zooneka zazing'ono: kugulitsa nkhumba pamsika, zimkuzamawu, malire a manda, kavalidwe kusukulu, mawu a mlaliki pamsonkhano wa pabwalo. Imakula chifukwa cha mphekesera. Mukakhala mtsogoleri pamalopo, tsiku loyamba musagamule kanthu ndipo musalembe kanthu pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Kumanani ndi mbali iliyonse payokha, mumvetsere mpaka amalize, kenako mubwereze dandaulo lawo m'mawu anu mpaka avomere kuti mwalimva bwino. Mukatero ndiye muwakumanitse, anthu atatu kapena anayi mbali iliyonse, pamalo amene si a mbali ina, mkhalapakati akhale wovomerezedwa ndi onse. Kukumanitsa makamu awiri tsiku loyamba n'kuitana miyala.

Kambiranani za chochitikacho, osati za chikhulupiriro. Funso loti ndani ali ndi choonadi silitha, koma funso loti nyama ya nkhumba igulitsidwire pati, kapena chimkuzamawu chizime nthawi yanji, lili ndi yankho. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo shehe ndi abusa akazilengeze sabata yomweyo, wina Lachisanu, wina Lamulungu, m'mawu ofanana. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inayenda njira yotereyi: bungwe la Public Affairs Committee linakhala mkhalapakati mpaka atsogoleri a Chikhristu ndi a Chisilamu anasainirana mgwirizano mu 2021. Nkhani ikakukulirani, pitani nayo kwa mfumu yaikulu, ku ofesi ya DC kapena kukomiti ya mtendere ya m'boma. Pakakhala chiopsezo cha ziwawa, apolisi adziwe msanga.

Kulemekeza chikhalidwe kuli ndi malire ake. Malamulo aakulu a dziko amateteza chilankhulo ndi chikhalidwe cha munthu mu gawo 26, ndi chipembedzo chake mu gawo 33, koma malamulo omwewo, atasinthidwa mu 2017, amati wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Mukakumana ndi ukwati wa mwana kapena nkhanza, musayambe ndi mawu oti "chikhalidwe chanu n'choipa", chifukwa mudzagwirizanitsa mudzi wonse kuti ulimbane nanu, ngakhale amene mumtima akugwirizana nanu. Tchulani mwanayo ndi zaka zake, tchulani lamulo, ndipo pitani ndi mfumu, shehe kapena abusa amene amatsutsa kale mchitidwewo, poti m'dera lililonse alipo. Makolo akakana, nkhaniyo ipite kwa wa zachitetezo cha ana wa m'deralo kapena ku Victim Support Unit ya polisi tsiku lomwelo.